Mkate Umene Ndinaphika Osaudya

Gelesi, mdzukulu wanga, ndiye wagwira cholembera, ine changa ndi pakamwa basi. Sukulu sindinaiponde, ndipo dzina langa, Alesi, ndimalizindikira papepala pokhapokha wina atandilozera. Ndamuuza Gelesi kuti alembe momwe ndikunenera, asakonze, ngakhale pamene pamuwawe, chifukwa ana ake adzafuna kudziwa ntchito imene anganga awo ankagwira, ndiponso chifukwa chake dzina la amayi ake a Gelesi silimveka m'nyumba muno. Za ubwana wanga musandifunse. Makolo anga anachokera kummawa, tsidya la nyanja, atanyamula khasu ndi Chilomwe chawo, ndipo ine ndinakula ngati mwana wina aliyense wa m'dambo. Ndiyambira pa ntchito, poti ntchitoyo ndiyo inandidyetsa, ndipo ndi m'ntchito momwemo mmene ndinatayira mwana.

Chaka chotsatira njala ya 1949

Njala ija inatitengera ana awiri aang'ono. Tinatsala ndi mmodzi, Enelesi, mwana wathu wachisamba, miyendo ili ngati bango. Amuna anga, a Wiliyamu, ankatchetcha udzu ndi kuimba belu kumishoni, kumtunda, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kunyanja kuno. Atamva kuti mkazi wa mbusa wachizungu akufuna munthu wochapa, ananditenga. Dona uja sanandifunse dzina. Anandigwira manja, nkuwatembenuza, nkuyang'ana zikhadabo chimodzichimodzi ngati akugula nkhuku, kenaka anati, "Mawa iwe bwera." Kulembedwa ntchito kwanga kunali komweko.

Ife antchito tinkamutchula Dona Yesanso. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma liwu limodzi ankaligwira bwino. "Alesi, ufa yesa. Madzi yesa. Mchere yesa." Ine, "Ndayesa, Dona." Iye, "Yesanso!" Kwathu mchere tinkathira ndi maso, koma kumeneko chilichonse chinali ndi kapu yake, sipuni yake, kachingwe kake. Tsiku lina ndinawotcha kolala ya malaya a bwana ndi simbi ya makala. Dona sanakalipe. Anangopachika malayawo pa msomali kukhitchini mwezi wathunthu kuti ndiziwaona. Kukalipa kukanakhala bwino. Komabe ndisamunamizire, sanali woipa mtima, Enelesi atadwala chifuwa anamupatsa bulangeti la mwana wake. Ndipo ine ndinaphunzira mpaka dzanja langali linasanduka sikelo. Patatha chaka anandipatsa ntchito imene sankapatsa munthu wamba: nsalu zoyera za pa tebulo la Mgonero, ndi mkate wake. Nsaluzo zinkakhala m'bokosi lachitsulo, ndipo pondipatsa kiyi anati, "Izi za Ambuye. Banga limodzi ayi." Mkate tinkauphika wopyapyala, nkuudula tizidutswa tofanana, kalikonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kopitirira pamenepo ankakabweza.

Ubatizo ndinalandira komweko. M'kalasi ya mpingo ankafuna anthu odziwa kuwerenga, koma a Wiliyamu ankandiwerengera ine nkumameza, ndipo tsiku la mayeso ndinayankha kuposa ena a sukulu. Mkulu wa mpingo wina anaseka, amvekere, "Mayi uyu Buku lake lili m'mimba."

Zaka za kunyanja, kwa Mwambo

Dona atabwerera kwawo, mishoni inatitumiza kuno kwa Mwambo, kumene kunali tchalitchi cha zidina ndi timatchalitchi ta udzu tomwazikana mpaka kwa Kuntumanji. Inali nthawi imene amuna ankangokamba za Chitaganya paliponse pomwe akumana, koma ine nkhani yanga inali sopo. Anatipatsa kanyumba pamalo a mpingo, kumbuyo kwake kuli kamunda ndi mtengo wa mango. Bwana wanga watsopano anali mbusa wachikuda, bambo wamtali wowonda, wa njinga yopanda mabuleki. Tinkawatchula a Pang'onopang'ono, poti liwu lawo linali lomwelo ngakhale denga likudonthera pa guwa.

Ntchito ya kuno inali ina. Madzi a nyanja yathuyi ndi amatope ndi amchere, nsalu yoyera ukaichapa mmenemo imatuluka ngati waiviika m'tiyi. Ndinkasenza dengu kupita ku mtsinje wa Likangala, kumtunda kumene madzi amayerako. Sopo akasowa ndinkatcheza madzi a phulusa, manja nkumasupuka. Ufa wa tirigu unkachokera ku Zomba, ndipo dzinja msewu ukaduka, basi, ufa kulibe. Chaka china ndinasinja mpunga nkuphika mkate wa ufa umenewo, mtima uli m'mwamba. Ndinapita nawo kwa abusa, ndikuti, "Kodi Ambuye aulandira umenewu?" Iwo anautafuna pang'onopang'ono, nkuti, "Mayi, munthu wobadwira m'khola sangakane mpunga." Vinyo akatha tinkawiritsa chidede ndi shuga. Mgonero unkafika katatu pachaka pa tchalitchi chilichonse, ndiye abusa ankatsogola akukankha njinga, ine pambuyo bokosi lili pamutu, madzi m'mawondo, misundu ikundiyamwa miyendo. Loweruka masana abusa ankakhala patebulo ndi akulu a mpingo nkumagawa tizitsulo. Kachitsulo kameneka kanali chilolezo. Wopanda kachitsulo, Lamulungu Mgonero ukamayamba ankatuluka panja.

M'nyumba mwathu a Wiliyamu anaika mwambo wawo. Lachisanu masana, Mgonero ukakhala Lamulungu likudzalo, ntchito yonse inkaima. Tinkayala mphasa pansi pa mango uja, atatu, iwo nkutsegula Buku. Ankawerenga malo awiri, omwewo nthawi zonse. Oyamba ndi aja onena za munthu amene wafika ndi mphatso yake paguwa, nkukumbukira kuti mbale wake ali naye kanthu. Akuti aisiye pomwepo, ayambe wakagwirizana ndi mbaleyo, abwere pambuyo. Achiwiri ndi a mkate ndi chikho, aja akuti munthu adziyese asanadye, poti wodya mosasamala amadya mlandu wake, ndipo nchifukwa chake ena amafooka, ena amadwala, ena amafa. Akatero ankatseka Buku nkutifunsa mmodzimmodzi, "Uli ndi kanthu ndi mnzako pano?" Masiku ambiri zinkathera m'kuseka. A Wiliyamu ankaulula za fodya wawo wa m'mphuno amene ankabisa pa tsindwi, ngati ife sitinkadziwa. Enelesi ankati, "Ine ndinaseka a Matiyasi poyambitsa nyimbo, anakwera mpaka anatsokomola." Bambo ake, "Ndiye walapa?" Iye, "Ndalapa, koma akakwerabe ndisekanso."

Ine liwu lija lakuti adziyese linkandikomera, poti linali liwu la ntchito yanga. Ndinkati ndikulidziwa kuposa abusa. Kuyesa nkutenga kapu, kusalaza pamwamba ndi mpeni, chopitirira nkuchibweza. Koma mbali ya odwala ndi akufa ija inkandilowa m'mafupa. Ine ndinali nditaika kale ana awiri m'manda, ndipo Mulungu ndinkamuopa ngati munthu amene anandimenyapo.

Sabata ya Mgonero, titakolola mpunga, chaka chachitatu tili kunyanja

Enelesi anali atakula, namwali wa msinkhu wa bambo ake, wodziwa kuwerenga, woseka ndi mutu wonse. Anali atamaliza zaka zitatu za kalasi, ndipo Lamulungu limenelo linali loti adye Mgonero koyamba. Miyezi itatu m'mbuyomo ndinali nditamugulira nsalu yoyera. Telala anali kutali, pamsika, ndiye ndinamuyesa ndekha ndi chingwe cha khonje monga anandiphunzitsira Dona: mfundo imodzi ya pachifuwa, ina ya m'chiuno, ina ya kutalika. Telala anasoka, nkubweza diresi pamodzi ndi chingwe changa.

Lachisanu m'mawa ndinalisita diresilo, nkumuitana kuti avale ndione. Mabatani anali kumbuyo. Ndinamanga a m'khosi, ndinamanga a pamsana, koma awiri a m'chiuno anakana. "Mpunga wa chaka chino wakukonda," ndinatero. Sanaseke. Enelesi kusaseka! Pomwepo zinthu zinayamba kundibwerera chimodzichimodzi: tinsalu take ta kumwezi timene sindinatione titayanikidwa kuseri kwa bafa kuyambira mvula isanathe, ndi fungo la matemba limene linkamuthamangitsa kukhitchini. Ndinapita pabokosi, nkutenga chingwe chija.

"Kweza manja."

"Amayi..."

"Ndati kweza."

Ndinazunguliza. Mfundo ya m'chiuno inaperewera zala zitatu. Ndinamasula, nkuyesanso, monga ndinaphunzirira. Zala zitatu.

"Amayi, mukundiyesa chiyani?" anatero, mawu ali pansipansi. "Ine si ufa."

"Ndani?"

Anati Saidi. Ndinkamudziwa. Anali msodzi wa pa chilumba cha Chisi, wa banja la Chisilamu, amene ankatiwolotsa ndi bwato lake madzi akadzadza m'dambo, bokosi la nsalu atalikumbatira ngati mwana kuti lisanyowe. "Akufuna kundikwatira, amayi. Amalume ake akubwera akatha kuuza kwawo." Ine ndinangoti, "Vula diresilo, ulidetsa."

Masana tinakhala pamphasa monga mwa masiku onse. A Wiliyamu anawerenga malo awo awiri, nkutseka Buku. Atafunsa Enelesi, iye anayankha kuti, "Ndi munthu ndilibe kanthu, bambo. Za ine ndi Mulungu ndikuzikonza." Atandifunsa ine, ndinati, "Ndilibe." Bodza, Buku lili pomwepo. Enelesi atapita kotunga madzi ndinawauza amuna anga zonse, ndikudikira kuti adumphe. Iwo ankangosisita chikuto cha Buku.

"Kani mukudziwa?"

"Anandiuza dzana, kumunda."

"Inu kukuuzani, ine amake ayi?"

"Amakuopani, amake Enelesi. Nanenso masiku ena ndimakuopani." Anayesa kumwetulira koma sizinatheke. "Ndikupempha chimodzi. Mupatseni mpaka mawa masana."

"Masana a chiyani? Masana abusa agawa tizitsulo! Akalandira, Lamulungu adya, ndipo mkatewo wophika ine. Mwawerenga nokha pompano kuti ena amafa. Mukufuna ndimuphe ndi manja angawa? Watsala yekhayu!"

"Mawu amenewo ndakuwerengerani kangati? Akuti adziyese. Mwini wake. Sakuti amake amuyese."

"Inu zanu nzowerenga."

"Ndangoti masana. Iye anandipempha kuti ndisanene zambiri, ndipo sindinena."

Apa lemba bwino, Gelesi, usadumphe. Zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinachita zimene ndinachitazo chifukwa choopa kuti mwana wanga angafe. Nzoona, mantha amenewo analipo. Koma pansi pake panali ena. Ndinkaona amayi a mumpingo akunong'onezana kuti wosunga nsalu za Ambuye walephera kusunga m'nyumba mwake. Ndinkaona akulu akundilanda kiyi, pambuyo pa kiyi kanyumba, pambuyo pa kanyumba kamunda, ife nkubwerera kumene njala inatipeza. Ndinkadziwa kuti ndikayamba ndine kunena, banga silindigwera. Mantha awiriwo ndinawathira m'kapu imodzi, nkusalaza pamwamba, nkuwatcha chikhristu.

Loweruka kutangocha ndinaika mkate m'kauvuni kanga kadothi, nkudutsa njira yachidule ya m'udzu kupita kwa abusa. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Ndinagwada, nkunena. Sanandidule mawu. Nditamaliza anaika chubu pansi.

"Wakutumani ndi iyeyo?"

"Ayi, abusa."

"Akudziwa kuti mwabwera?"

"Ayi."

Anapumira m'mwamba. "Mayi, mwana akabwera yekha, timakhala pansi, iye ndi ine ndi Mulungu. Kachitsulo amakasiya mwakufuna kwake, palibe wofunsa, ndipo njira timaifuna pang'onopang'ono. Koma nkhani ikabwera ndi mboni, ndi mlandu, ndipo mlandu ndi wa bwalo la akulu. Zimene ndamva sindingazibweze m'khutu. Mwandimanga manja."

Pobwerera, pamphambano ya pachitsime, ndinakumana ndi Enelesi. Anali atasamba, atavala nsalu yake yakale, kabuku ka kalasi kali m'manja.

"Ukupita kuti?"

"Kwa abusa. Ndimati ndipite masana, koma mtima ukukana kudikira."

Kenaka anayang'ana miyendo yanga, itanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, nkuyang'ananso njira imene ndinatulukira. "Mwachokera komweko," anatero. Silinali funso. Sanalire, sanatukwane. Anatembenuka nkubwerera kunyumba, ine pambuyo, ndipo titafika mkate unali utapsa bwinobwino, wosapserera pena paliponse.

Lamulungu dzina lake linawerengedwa pamaso pa mpingo wonse, ndi mlandu wake womwe. Anamukhazika pa benchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Itakwana nthawi yoti opanda tizitsulo atuluke, anaimirira pamodzi ndi ana ndi alendo, nkutuluka mutu uli chilili. Nsalu patebulo zinali mbee, zosita ine. Mbale itafika pa ine ndinayang'ana tizidutswa tija, tofanana tonse, todula ine, ndipo dzanja linakana. Ndinaipatsira mnzanga. Potuluka amayi anandizungulira. "Mayi wolimba uyu! Mwana wake yemwe sanamubise." A Matiyasi, oyambitsa nyimbo aja, ananditchula m'pemphero ngati chitsanzo. Kiyi anatsala m'khosi mwanga.

Mvula yoyamba ya chaka chomwecho

Sabata isanathe Enelesi anakwera bwato kupita ku Chisi, kwa anthu a Saidi. Anatsanzika bambo ake. Ine anandisiyira diresi lija, atalipinda bwino, pamwamba pa bokosi. A Wiliyamu anawoloka kawiri kukamuona, ndipo ulendo uliwonse ankati, "Tiyeni." Ine ndinkati nsalu, ndinkati ulendo wa kwa Kuntumanji, ndinkati ndipita ukatha Mgonero wa Khirisimasi. Zoona zake nzakuti ndinkadikira kuti ayambe ndi iye kupepesa.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, ndikuyanika nsalu za Khirisimasi yomweyo, ndinamva odi. Anali mayi wachikulire wofunda mpango mpaka m'mapewa, matope mpaka m'ntchafu, kakhanda kali kumsana.

"Ndinu amake Enelesi?"

"Ndine."

"Ine ndine Abiti Musa, amake Saidi. Khalani pansi, anzanga."

"Nenani ndili chiimire."

"Mwana wanu ali kudoko. Tamufunditsa."

Ndinakhala pansi pomwepo, m'matope, nsalu ya Ambuye ili m'manja. Mayi uja anakhala nane. Anati Enelesi anavutika masiku awiri, mwana nkubadwa, koma magazi osaleka. Anamunyamula pa bwato kuti athamangire naye kuchipatala, mphepo nkuwatsekereza m'mabango, ndipo anatsirizikira momwemo, mtunda ukuoneka. "Ife sitinamuletse za kwanu," anatero. "Lachisanu lililonse amuna akapita kumzikiti, iye ankayala mphasa pansi pa mtengo ndi kabuku kake. Ndinkamuseka, ndikuti, mpongozi, tchalitchi chako cha munthu mmodzi? Iye amvekere, cha atatu, amayi, enawo ali tsidya."

Anamasula kakhanda kaja nkundipatsa. "Mwana ndi wa kuchikazi, ngwanu. Dzina anapereka yekha amake m'bwato."

Usaime, Gelesi. Lemba.

"Anati Mwandiyesa."

Ndinafunsa kuti, "Ankanena yani? Mulungu, kapena..."

"Sindinamufunse, anzanga. Maso anali kumwamba. Koma bwato linali litaloza kuno."

Poti anamwalira ali pa chilango, mpingo sunaimbe pa maliro ake. Abusa anabwera okha, opanda kolala, nkupemphera ngati mnansi. A Wiliyamu anapita kukaimba belu popanda wowatuma, ndipo palibe anawaletsa. Ine ndinamusambitsa pamodzi ndi Abiti Musa, nkumuveka diresi loyera lija. Mabatani awiri aja sindinawayese nkomwe. Munthu wogona chagada kumbuyo kwake sikuoneka.

Tsiku la ubatizo wako abusa anafunsa dzina. Ndinati Gelesi, dzina la mwana wa Dona. Agogo ako aamuna anandiyang'ana, nkuyang'ana pansi. Mpaka tsiku limene anamwalira sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale kamodzi. Bambo ako Saidi ankabwera ndi nsomba mwezi ndi mwezi, ankakuitana Gelesi monga tonse, kundisungira ulemu umene sindinali nawo. Lachisanu la Mgonero a Wiliyamu ankayalabe mphasa, nkusiya malo a munthu mmodzi. Iwe unkakwawira pomwepo.

Kuyambira pamenepo mpaka lero

Ntchito ndinaigwirabe mpaka mawondo anakana. Abusa anasinthana anayi. Nyanja inaphwa, anthu nkumayenda pansi kupita ku Chisi, inadzadzanso. Ufa unayamba kupezeka m'sitolo, tizitsulo tinasanduka makadi, kenaka anayamba kugula buledi wa m'pepala, ine nkupereka kiyi kwa mtsikana wina amene sadziwa nkomwe kutcheza phulusa. Zaka zonsezo mkate ndinkaphika, kudula, kuyala patebulo, koma pakamwa panga sunafike. Kachitsulo ndinkalandira Loweruka, poti mlandu pa ine panalibe, Lamulungu nkukabweza, mbale nkuipatsira mnzanga. A Pang'onopang'ono asanasamuke anandiitana. "Mayi, bwanji simukudya?" Ndinati, "Ndikudziyesa, abusa." Iwo, "Zaka zinayi? Ngakhale ine pang'onopang'ono wanga safika pamenepo. Tebulo lija si la anthu okwana muyeso. Likanakhala lotero, bwenzi mukuphikira mbewa." Ndinaseka, koma sindinadye.

Chimene chinkanditsekereza si malo achiwiri aja ayi. Amenewo ndinawamvetsa mochedwa, koma ndinawamvetsa: chingwe chimene Mawu amakupatsa nchozunguliza m'chiuno mwako, osati mwa mnzako. Chinkanditsekereza ndi malo oyamba. Akuti siya mphatso, pita kaye kwa amene ali nawe kanthu. Nanga iyeyo akakhala m'manda, upita kuti? Ndinapita kumanda kangapo, ndinalankhula, koma dothi siliyankha. Ndipo wina amene ndinamulakwira, amene akanatha kuyankha, ndinkamuphikira phala, kumuperekeza kusukulu, kumuitana ndi dzina limene si lake tsiku ndi tsiku, poopa kuti ndikatchula lenilenilo lizindiloza chala m'nyumba mwanga momwe.

Tsopano maso achita chifunga, ndipo mpweya umathera pakhomo pomwepa. Abusa atsopanowa, mwana wamng'ono wa njinga yamoto, atumiza mawu kuti mkuja, akatha mapemphero, abwera ndi Mgonero kunyumba kuno, poti kutchalitchi sindingafike. Ndawauza kuti sindikudziwa ngati ndidye. Ndawauza kuti zidalira munthu wina.

Pisa dzanja pansi pa pilo apo. Eya, chingwe chimenecho. Khonje wake wada, koma mfundo zilipo zonse zitatu. Yapakatiyo ndi chiuno cha amayi ako iwe usanakhalemo. Palibe chithunzi chawo, palibe kalata, chimene ndingakusiyire nchomwecho, ndi dzina limene anakupatsa m'bwato. Kaya ankauza Mulungu, kaya ankauza ine, ndaganiza zaka zonsezi ndipo sindikudziwa. Koma linali lako, ndipo ine ndinaliba.

Lero ndi Lachisanu, dzuwa lapendeka. Mphasa ili kuseri kwa chitseko, uyale pansi pa mango, undigwire dzanja titulukire. Buku ndilibe nalo maso, koma malo awiri aja ndiwanena pamtima. Ndikatha ndikufunsa funso la agogo ako aamuna, ndipo usandimvere chisoni poti ndine nkhalamba, undiyankhe zoona.

Ika cholembera pansi, Mwandiyesa. Yankho lako si lolemba.